Mmene Mungayambire Kupereka Moni ndi Kucheza m'Chipunjabi

Chipunjabi ndi chilankhulo cha anthu oposa 100 miliyoni, ndipo kwawo kwenikweni ndi dera la Punjab, lomwe linagawidwa pawiri m'chaka cha 1947 pamene maiko a India ndi Pakistan ankalandira ufulu wodzilamulira. Mizinda ya Lahore, Faisalabad ndi Gujranwala inagwera ku Pakistan, pomwe Amritsar, Ludhiana ndi Jalandhar inatsala ku India, mwakuti lero anthu a chilankhulo chimodzi amalemba ndi zilembo zamitundu iwiri ndiponso amapatsana moni mosiyana malinga ndi chipembedzo chawo. Apunjabi anamwazikanso m'maiko ambiri, makamaka ku Southall mumzinda wa London, ku Birmingham, komanso ku Brampton ndi Surrey m'dziko la Canada. Malangizo awa alembedwera munthu amene akupita kukaphunzira ku Punjab, amene akugwira ntchito kapena kuchita malonda ndi Apunjabi, ndiponso amene wayandikana nawo nyumba ndipo akufuna kuwalonjera m'chinenero chawo. Mawu onse atengedwa m'kalankhulidwe ka Majhi, ka dera lozungulira Lahore ndi Amritsar, komwe ndi kamene mabuku a sukulu amatsata.

Choyamba: dziwani amene mukumulonjera

M'Chipunjabi mulibe moni mmodzi woyenera aliyense, choncho ntchito yoyamba si kuloweza mawu ayi, koma kuzindikira kuti munthu amene ali pamaso panu ndi Msikh, Msilamu kapena Mhindu. Kwa Asikh, omwe amuna ambiri mwa iwo amadziwika ndi nduwira, ndevu zosameta ndi chibangiri chachitsulo pamkono, moni wake ndi "Sat Sri Akal ji", kutanthauza kuti Mulungu wosafayo ndiye choonadi. Munene mawuwa mutagunditsa zikhatho zanu pamodzi pachifuwa, ndipo mnzanuyo adzayankha ndi mawu omwewo. Moniyu sayendera nthawi: amagwira ntchito m'mawa, masana ndi usiku, pokumana ndi posiyana pomwe. Polankhula mwachangu eni ake amameza zilembo zina, ndiye mudzamva ngati "sasrikaal", koma inu woyamba kumene muzitchula liwu lililonse momveka.

Asikh amene anabatizidwa m'gulu la Khalsa, lomwe Guru Gobind Singh, mtsogoleri wakhumi wa Asikh, anakhazikitsa ku Anandpur m'chaka cha 1699, amalonjerana ndi moni wautali wakuti "Waheguru ji ka Khalsa, Waheguru ji ki Fateh". Mlendo sayembekezeredwa kuyamba ndi moni umenewu, koma wina akakupatsani, mubwereze mawu omwewo poyankha.

Kwa Asilamu, omwe ndiwo ochuluka zedi ku Punjab wa ku Pakistan, moni wake ndi uja ambiri a ife tinauzolowera kale, wakuti "Assalamu alaikum", yankho lake "Wa alaikum assalam". Kwa Ahindu nenani "Namaste ji", zikhatho zili pamodzi. Ngati simukudziwa chipembedzo cha munthuyo, tsatani malo amene muli: ku Amritsar kapena ku Jalandhar "Sat Sri Akal" amalandiridwa pafupifupi ndi aliyense, pomwe ku Lahore salamu ndiye woyenera. Mwamuna asayambe kupereka dzanja kwa mkazi. Adikire kuti mayiyo ndiye atambasule lake, ndipo akapanda kutero, mawu okha ndi okwanira. M'mabanja a Asikh ndi Ahindu mudzaonanso achinyamata akuwerama kukhudza mapazi kapena mawondo a akuluakulu uku akunena kuti "Pairi paina ji", wamkuluyo n'kudalitsa ndi mawu akuti "Jiunde raho", ndiko kuti mukhale ndi moyo. Ukafika pakhomo pa munthu, mwininyumba amati "Ji aayan nu", komwe ndi kunena kuti takulandirani.

Chachiwiri: gwiritsitsani "tusi" ndi "ji"

Ngati pali chinthu chimodzi chofunika kuchigwira kuposa zonse m'malangizo ano, ndi ulemu umene uli m'timawu tiwiriti. Chipunjabi chimasiyanitsa "tu", yemwe ndi iwe, ndi "tusi", yemwe ndi inu, ndipo lamulo lake ndi lomwe lija timalidziwa: "tu" ndi wa mwana, mnzako wapamtima kapena m'bale wako wamng'ono, pomwe "tusi" ndi wa wamkulu, mlendo kapena anthu ambiri. Kusiyanaku kumafika ku mawu a umwini, popeza "tera" ndi lako pomwe "tuhada" ndi lanu, ndiponso ku mawu olamula, pomwe chilembo cha o kumapeto kwa mneni chimagwira ntchito imene "ni" amagwira m'Chichewa. "Aa" ndi bwera, "aao" ndi bwerani. "Baith" ndi khala pansi, "baitho" ndi khalani pansi. "Dass" ndi nena, "dasso" ndi nenani. Nyimbo zambiri za Chipunjabi n'zodzaza ndi "tu" ndi "tera" chifukwa zimakamba za chikondi, ndipo wophunzirira chilankhulo ku nyimbo zokha amatha kukalankhula ndi nkhalamba ngati akulankhula ndi bwenzi lake. Lowezani ziganizo zonse ndi "tusi", ndipo "tu" mumusiye kufikira mnzanu atayamba yekha kukuitanani choncho.

Kaliwu ka "ji" kamaikidwa pambuyo pa dzina, pa moni, pa yankho kapena pa pempho kuti zifewe. Inde ndi "haan", koma kwa wamkulu mumati "haan ji". Ayi ndi "nahin", koma mwaulemu ndi "nahin ji". Munthu akakuitanani, kuyankha kuti "ji" kokha kuli ngati kuvomera kuti wawa. Chifukwa cha "ji" ameneyu, mawu opempha ngati "kirpa karke" kapena "meharbani karke", omwe ndi chonde, samveka kawirikawiri pocheza, pakuti "aao ji" ndi "baitho ji" ali kale ndi ulemu wokwanira.

Chachitatu: konzani lilime musanachulutse mawu

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa wolankhula Chichewa ali ndi mwayi umene Mngerezi alibe, komanso ali ndi misampha yakeyake. Mwayi woyamba ndi wakuti Chipunjabi chimasiyanitsa zilembo zotuluka ndi mpweya ndi zopanda mpweya monga momwe ife timasiyanitsira "pa" ndi "pha", kapena "kola" ndi "khola". "Pal" ndi kamphindi pomwe "phal" ndi chipatso. Choncho mukaona ph, th ndi kh m'mawu a Chipunjabi olembedwa m'zilembo zathuzi, muziwerenge Mwachichewa, osati Mwachingerezi: "theek", kutanthauza bwino, amayamba ndi th wotuluka ndi mpweya ngati wa "thupi". Chimene amalemba chh ndi tch wathu wa "tchire", monga mu "chhe", nambala ya 6.

Mwayi wachiwiri ndi kukweza ndi kutsitsa liwu. Ife timasiyanitsa mtengo womera ndi mtengo wa katundu ndi kamvekedwe kokha, ndipo Chipunjabi, mosiyana ndi Chihindi ndi Chiurdu, chimachitanso zomwezo. Chitsanzo chotchuka ndi "kora": ndi liwu lotsika ndi kavalo, ndi liwu lapakati ndi chikwapu, ndi liwu lokwera ndi munthu wakhate. Lamulo lothandiza woyamba ndi ili: mawu olembedwa ndi gh, jh, dh kapena bh koyambirira amatchulidwa ndi k, ch, t kapena p, liwu litatsika. Motero "ghar", nyumba, imamveka "kar". "Bhain", mlongo, amamveka "pen". Ndipo "dhanvaad", zikomo, amamveka "tanvaad". Chilembo cha h pakati pa mawu nachonso nthawi zambiri sichimveka, chimangosintha kamvekedwe, n'chifukwa chake "tuhada" amamveka ngati "tuada".

Misampha ilipo inayi, ndipo woopsa kwambiri ndi wa l ndi r. M'Chichewa kusinthanitsa zilembo ziwirizi sikusintha tanthauzo, koma m'Chipunjabi "haal" ndi mmene munthu alili pomwe "haar" ndi kugonja, kotero wofunsa za moyo wa mnzake ayenera kusamala. Wachiwiri ndi chizolowezi chathu chowonjezera liwu kumapeto kwa mawu: "Sat" asasanduke "sati", "haal" asasanduke "halu", imitsani lilime pa chilembo chomaliza. Wachitatu ndi zilembo zobwereza, zomwe ziyenera kugwiridwa nthawi yotalikirapo, pakuti "das" ndi 10 koma "dass" ndi nena, "sat" ndi choonadi koma "satt" ndi 7. Wachinayi ndi zilembo zotchulidwa lilime litapindikira kumwamba kwa kamwa, monga t wa mu "roti" ndi n wa mu "paani", madzi. Zimenezi zimatenga nthawi, ndipo ngakhale mutaphonya anthu adzakumvanibe. Zindikiraninso kuti n wa kumapeto kwa "main", "haan" ndi "nahin" satchulidwa ngati chilembo chathunthu. Amangosonyeza kuti liwulo litulukire m'mphuno.

Chachinayi: lowezani macheza a mphindi imodzi

Moni ukatha, funsani kuti "Tuhada ki haal hai ji?", ndiko kuti muli bwanji. Yankho lake ndi "Main theek haan", ndili bwino, kapena "Vadhiya ji", ndili bwino kwambiri, kenako mubweze funso ponena kuti "Tusi dasso", kaya inu. Ambiri amawonjezera kuthokoza Mulungu, Msikh kapena Mhindu ndi mawu akuti "Rabb da shukar hai", Msilamu ndi akuti "Allah da shukar hai". Msikh wina adzakuyankhani kuti "Chardi kala", mawu ozama m'chipembedzo chawo osonyeza mtima wosafooka ngakhale pa mavuto. Achinyamata amangoti "Kiddan?", koma ameneyu ndi moni wa pakati pa anzako, wosayenera kwa apongozi kapena kwa bwana.

Pofunsa dzina mumati "Tuhada naa ki hai?", ndipo poyankha mumati "Mera naa", n'kutchula dzina lanu, n'kumaliza ndi "hai". "Tusi kitthon ho?" ndi kufunsa kumene munthu achokera, yankho lanu n'kukhala "Main Malawi ton haan" kapena "Main Zambia ton haan". Kuti musonyeze kukondwa nenani "Tuhanu mil ke khushi hoi". Pothokoza pali "dhanvaad", wofala ku India, "shukriya", womveka mbali zonse ziwiri, ndi "meharbani", woyamikira kukoma mtima. Popepesa kapena popempha njira mumati "Maaf karna ji", ndipo wina akapepesa kwa inu mumuyankhe kuti "Koi gall nahin", palibe kanthu.

Mukangolonjera bwino, anthu amayamba kukulankhulani mothamanga poganiza kuti mumamva zonse. Pa chifukwa chimenechi, ziganizo zodzipulumutsira zilowezedwe tsiku lomwelo: "Mainu samajh nahin aayi", sindinamve, "Hauli hauli bolo ji", lankhulani pang'onopang'ono, "Dubara dasso ji", nenaninso, "Mainu thodi thodi Punjabi aundi hai", Chipunjabi ndimachidziwa pang'ono chabe. Chopindulitsa koposa ndi "Is nu Punjabi vich ki kehnde ne?", ichi amachitcha chiyani m'Chipunjabi, popeza chimasandutsa aliyense wokhala nanu pafupi kukhala mphunzitsi.

Chachisanu: zinthu ziwiri za malamulo a chilankhulo

Woyamba kumene safunika malamulo ambiri, koma awiri sangawalambalale. Loyamba ndi lakuti mneni amakhala kumapeto kwa chiganizo, ndipo timawu tomwe ife timaika patsogolo pa dzina, monga ku, mu ndi pa, timabwera pambuyo pake. Ife timati m'nyumba, iwo amati "ghar vich". Ife timati kuchokera ku Lahore, iwo amati "Lahore ton". Lachiwiri ndi lachilendo kwa ife: mneni amasintha malinga ndi kuti wolankhulayo ndi mwamuna kapena mkazi. Mwamuna amati "Main janda haan", ndimapita, mkazi amati "Main jandi haan". Mwamuna amati "Main Punjabi sikh riha haan", ndikuphunzira Chipunjabi, mkazi amati "sikh rahi haan". Mayi amene akuphunzitsidwa ndi mwamuna afunse nthawi zonse mmene mkazi amanenera chiganizocho, apo ayi adzakhala akudzitchula ngati mwamuna mosadziwa. Chotonthoza n'chakuti polankhula ndi munthu mwaulemu ndi "tusi", mawu ngati "bolde ho", mumalankhula, ndi "rehnde ho", mumakhala, amagwira ntchito kwa mwamuna ndi mkazi yemwe.

Chachisanu ndi chimodzi: kaitanidwe ka anthu

Kuitana wamkulu ndi dzina lake lokha ndi mwano. Mwamuna wa msinkhu wanu kapena wokulirapo pang'ono ndi "veer ji" kapena "bhaji", womveka "paaji", kutanthauza achimwene. Mkazi ndi "bhain ji", achemwali. Ku Lahore mudzamva "bhai jaan" kwa mwamuna ndi "baaji" kwa mkazi. Nkhalamba yaimuna ndi "baba ji", yaikazi ndi "bibi ji" kapena "mata ji", ndipo Msikh wovala nduwira amene simukumudziwa dzina mungamuitane kuti "Sardar ji". Wamkulu akakuitanani kuti "puttar", mwanawe, dziwani kuti wakukondani.

Maina a chibale ndi atsatanetsatane kuposa athu. Bambo aakulu ndi "taya", bambo aang'ono ndi "chacha", azakhali ndi "bhua", mchemwali wa amayi ndi "masi", agogo a kuchimuna ndi "dada" ndi "dadi", a kuchikazi ndi "nana" ndi "nani". Chenjerani ndi "mama": ameneyu si mayi ayi, ndi amalume.

Chachisanu ndi chiwiri: kumsika ndi pamsewu

Manambala oyambira 1 mpaka 10 ndi awa: ikk, do, tinn, chaar, panj, chhe, satt, atth, nau, das. Opitirira pamenepo mpaka 100 alibe dongosolo lapafupi, lililonse lili ndi dzina lake, choncho musatayirepo nthawi poyamba. Onjezani "vih" wa 20, "panjah" wa 50, "sau" wa 100, "hazaar" wa 1,000 ndi "lakh" wa 100,000, otsalawo ogulitsa angathe kukulemberani pa foni. Awiri amene amasokoneza alendo ndi "dedh", chimodzi ndi theka, ndi "dhai", ziwiri ndi theka: "dedh sau" ndi 150, "dhai sau" ndi 250. Pofunsa mtengo mumati "Eh kinne da hai?", podandaula kudula mumati "Bahut mehnga hai", ndipo ponenerera mumati "Thoda ghatt karo ji", tsitsani pang'ono. Pofuna chinthu mumati "Mainu paani chahida hai", ndikufuna madzi, koma tiyi, poti m'Chipunjabi maina a zinthu amagawidwa kukhala achimuna ndi achikazi ndipo lake ndi lachikazi, mumati "Mainu chaah chahidi hai".

Pofunsa njira tchulani malowo n'kuwonjezera "kithe hai?". Yankho lidzakhala ndi "sajje", kumanja, "khabbe", kumanzere, kapena "siddha", molunjika. Kwa woyendetsa kagalimoto ka matayala atatu kamene kamanyamula anthu m'mizinda ya kumeneko, "Ethe roko ji" ndi kunena kuti imani pano. Popangana tsiku, "ajj" ndi lero, koma "kall" ndi dzulo komanso mawa, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi nthawi ya mneni. Pa nkhani ya ulendo kapena ya ndalama ndi bwino kutchula deti lenileni.

Chachisanu ndi chitatu: pa chakudya ndi ku gurdwara

Mlendo pakhomo pa Mpunjabi sachoka osalawa kanthu. Adzakufunsani kuti "Chaah pioge?", mumwa tiyi kodi, kapena adzati "Roti kha lao ji". Monga mmene ife tikati bwerani tidye nsima timatanthauza chakudya chonse ndi ndiwo zomwe, "roti" naye amaimira chakudya chonse, osati chikate chokha cha ufa wa tirigu. M'nyengo yozizira mudzakumana ndi "makki di roti", yophikidwa ndi ufa wa chimanga, yodyera "sarson da saag", masamba a mpiru. Yamikirani ponena kuti "Bahut swaad hai", n'chokoma kwambiri. Mwininyumba adzapitiriza kunena kuti "Hor lao ji", tenganinso, ndipo inu mukakhuta munene kuti "Bas ji", basi zakwana, mwina kawiri kapena katatu, chifukwa kukana koyamba amakutenga ngati manyazi chabe.

Nyumba yopemphereramo Asikh imatchedwa gurdwara, ndipo aliyense amaloledwa kulowa posatengera chipembedzo. Vulani nsapato, sambani m'manja, phimbani kumutu ndi mpango kaya ndinu mwamuna kapena mkazi, ndipo musalowe ndi fodya kapena mowa. Kumeneko kuli "langar", chakudya chaulere chimene mwambo wake unayamba ndi Guru Nanak, woyambitsa chipembedzo cha Asikh, yemwe anabadwa mu 1469, ndipo anthu onse amadya atakhala pansi m'mizere, wolemera ndi wosauka pamodzi. Ku Harmandir Sahib, kachisi wokutidwa ndi golide wa ku Amritsar, anthu zikwi makumi angapo amadya motero tsiku lililonse. Ogawa akamadutsa amaitanira kuti "Parshada ji", lomwe ndi dzina laulemu la roti m'malo amenewa, ndipo wolandira amatambasula manja onse awiri.

Chachisanu ndi chinayi: kutsanzika

Wonyamuka amayamba ndi "Changa ji", chabwino tsono, n'kutsatiza "Main chalda haan" ngati ali mwamuna kapena "Main chaldi haan" ngati ali mkazi, ndapita. "Phir milange" ndi tidzaonananso. Kwa Msikh bwerezani "Sat Sri Akal", kwa Msilamu nenani "Allah hafiz", ndipo "Rabb rakha", Mulungu akusungeni, amamveka mbali zonse ziwiri za malire.

Chakhumi: zilembo ndi anthu oyeserera nawo

Kalembedwe ka Chipunjabi m'zilembo zathuzi kalibe lamulo limodzi, mwakuti liwu lomwelo mudzalipeza litalembedwa m'njira zingapo, ndipo zimenezi zimabisa kusiyana kwa katchulidwe kumene takamba kale. Mukazolowera moni, sankhani zilembo za mbali imene mukuchita nayo. Ku India amalemba Gurmukhi, amene anakonzedwa ndi kufalitsidwa ndi Guru Angad, mtsogoleri wachiwiri wa Asikh, m'zaka za m'ma 1500. Ali ndi zilembo zikuluzikulu 35, amalembedwa kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo pafupifupi maliwu onse onga a, e, i, o ndi u amaonekera, choncho ndi wosavuta kwa woyamba. Ku Pakistan amalemba Shahmukhi, wochokera ku zilembo za Chiarabu ndi Chiperisiya, woyambira kumanja, amene nthawi zambiri salemba maliwu aafupi. Amene anaphunzira Chiarabu ku madrasa adzaona kuti wayamba kale theka la ulendo. Gurmukhi amaphunziridwa m'mizere ya zilembo zisanuzisanu, ndipo mzere umodzi patsiku umatanthauza kuti zonse 35 zatha pa sabata imodzi, n'kutsala zizindikiro za maliwu.

Poyeserera, jambulani mawu a mwini chilankhulo pa foni mutamupempha chilolezo, mudzijambulenso nokha, kenako mufananitse, makamaka pa l ndi r ndi pa mathero a mawu. Samalani posankha woyeserera naye. Ngakhale kuti Asikh anafika ku Nyasaland kalekale, pomwe gulu loyamba la asilikali awo linabwera mu 1891 pansi pa ulamuliro wa Harry Johnston, Amwenye ambiri a ku Limbe, Lilongwe, Chipata ndi Lusaka makolo awo anachokera ku Gujarat, ndipo Chipunjabi si chilankhulo cha kwawo. Musanayambe macheza aatali, funsani kaye kuti "Ki tusi Punjabi bolde ho?", kodi mumalankhula Chipunjabi, ndipo mupitirize pokhapokha mutamva "Haan ji".